Za afulagombe ofiira aja, kusiyana kuli pakhosi

Paja ndinafunsa mmene tingasiyanitsire afulagombe awiri, Merops nubicus ndi Merops nubicoides, poti onse ndi ofiira psuu, ali ndi mzere wakuda pamaso, ndiponso amakumba zisa m'magombe a mitsinje. Yankho ndalipeza: yang'anani pakhosi. Khosi la nubicoides ndi lofiira ngati chifuwa chake, ndipo kumutu kwake kubiriwira kuli pamwamba pokha. Nubicus ndi wobiriwira mutu wonse mpaka kukhosi.

Kumene mwamuonera kumathandizanso. Nubicus amapezeka kuyambira ku Senegal mpaka ku Somalia ndi Kenya, pomwe mnzakeyo amaswana kum'mwera, m'magombe a Luangwa ndi Zambezi, mvula isanayambe. Kale akatswiri ena ankawayesa mtundu umodzi, ndipo sindikuwadabwa, chifukwa akamauluka chapatali khosilo silioneka bwino.