Odziwa Chilatini, ndithandizeni kuwerenga mwala wa mnyamata wa ku Roma

Moni nonse. Amene munaphunzira Chilatini ku seminale kapena ku Kamuzu Academy, ndagwira mwendo wanu.

Ndakhala ndikuyang'ana zithunzi za guwa la mwala wa mabo limene makolo anaimikira mwana wawo, Quintus Sulpicius Maximus. Linapezeka mu 1871 pa Porta Salaria, chipata chakale cha mzinda wa Roma, ndipo pano lili ku Centrale Montemartini, nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda womwewo. Mnyamatayu anapikisana ndi alakatuli anzake pa ndakatulo za Chigiriki m'chaka cha 94 AD, onse analipo 52, koma anamwalira ali ndi zaka 11 zokha. Ndakatulo yake anaigoba mothinana m'mbali mwa chifaniziro chake. Mtima wa kholo umenewo!

"Vix. ann. XI m. V d. XII" ndamva, ndi zaka, miyezi ndi masiku amene anakhala moyo. Pandikola ndi pa "Q. f. Cla." Kodi "Cla." ndi fuko la Claudia, ngati mfunda?

Chinanso, "Dis Manibus" ija amaifupikitsa D M pa miyala yambiri, akunena mizimu ya akufa onse kapena wa malemu yekhayo? Nanga pa maguwa oterewa ankathirapodi nsembe ya vinyo, kapena anali chikumbutso chabe?