Mwana wa achemwali wandisowetsera simenti, ndimuchotse ntchito?

Wa Hadiweya, Malangalanga

Abale, ndithandizeni maganizo, mutu waima. Ndili ndi shopu ya hadiweya ku Malangalanga kuno, antchito anayi. Mmodzi ndi mwana wa achemwali anga, ndinamutenga ku Mitundu atangolemba Fomu 4, ndipo ndi iyeyo amasunga makiyi ine ndikapita kukaoda ku Kanengo. Loweruka tinawerenga katundu, matumba 14 a simenti osaoneka. Nditamupanikiza anavomera kuti anapereka pangongole kwa mabilida awiri a ku Area 36, osalemba m'buku, ati adzalipira eni nyumba akawapatsa ndalama.

Chikundisowetsa tulo n'chakuti chaka chatha ndinachotsa mnyamata wina chifukwa cha zitini ziwiri za penti basi. Tsiku lomwelo, osamumva n'komwe. Anzake atatu aja akudziwa zonse, akungondiyang'ana pansipansi. Uku achemwali aimba kale kawiri, ati "Achimwene, mwanayo ndi wanu." Nditani?

Mayi a Golosale, Area 25

Bambo, za chibale n'fupa sichiola tonse timazidziwa, koma simenti ikalowa madzi imauma, ndiye musachedwe. Landani makiyi lero lomwe. Ine ndinasunga mlamu wanga pakauntala zaka ziwiri, shuga akutuluka ngati wamaliro, ine chete kuopa kuyambana ndi apongozi. Mathero ake mtsikana wanga wokhulupirika uja anayambanso kutapa. Nditamufunsa anangoti, "Nanga enawa?" Ndinasowa choyankha. Atatu anuwo akudikira kuona ngati lamulo la pashopu limasankha nkhope.

Mlembi wa ku Kanengo

Ine ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pakampani ina, ndiye ndiyambe ndi chomwe simunafunse. Mnyamata wa penti uja munamulakwira. Employment Act ya 2000 imati pochotsa munthu pakhale chifukwa chomveka, komanso apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe. Anthu ambiri amagwa nayo milandu ku Industrial Relations Court wantchito atabadi, kungoti sanamumve. Mwayi wanu ndi woti sanapite ku Leba.

Ndiye kwa uyu musabwereze, ngakhale mutakwiya bwanji. Mulembereni kalata yonena mlandu wake, matumba angati, tsiku liti. Mupatseni masiku angapo, kenako mukhale naye pansi pali mboni, ndipo mboniyo isakhale ya kubanja. Zimene mukambirane zilembedwe, asaine. Ngati mwagwirizana zobweza, zilembedwenso kuti azibweza zingati pamwezi. Osangomudula malipiro onse mwezi ukatha ayi, imeneyo ndi nkhani inanso.

Achemwali auzeni kuti za kumudzi mukakamba ngati atsibweni Lamulungu, koma za kushopu zikhale za kushopu.

Bilida wa ku Chinsapo

Ine ndine bilida, ndinene zoona: ngongole zoterezi timatenga, ndipo timadziwa bwino amene ali wofewa pashopu iliyonse. Pitani nokha kusayiti ku Area 36 ndi mnyamatayo, mukaonane ndi eni nyumba, osati mabilida okha. Nthawi zambiri ndalama ya simenti mwini nyumba amakhala anapereka kalekale.

Koma ndikufunseni bwana, inuyo mukamatenga ya mafuta m'dilowa mumalemba? Mnzanu akabwera kudzatenga malata awiri "tidzaonana", amalowa m'buku? Chifukwa mwana amaonera kwa amalume ake. Komanso makasitomala akamalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, imapita pa nambala ya ndani?

Wa Hadiweya, Malangalanga

A Bilida mwandilasa. Ya mafuta sindilemba, ndipo nambala ya Mpamba yomwe tinamata pakhomo ndi ya mnyamatayo, ndinkati zisamandisokoneze ndikakhala pamsewu. Ndaichotsa m'mawa uno, ndaika ya shopu. Makiyi ndatenga. Kalata ndalemba, tikhala pansi Lachinayi, mboni akhala abambo ogulitsa matabwa pafupi nafe. Achemwali sakundiyankha foni.

A Mlembi, funso lina. Mnyamata wa penti uja ndimamuona pafupi ndi depoti akukankha wilibala, timangopatsana moni wa patali. Ndikafuna kumuitana kuti tikambirane za masiku ake omwe sindinamulipire, ndiyambe ndi kalata kapena ndingomupeza pomwepo?