Ma caperberry a m'botolo: kusiyana kwake ndi ma caper, ndi kaphikidwe kake

Naphiri (Johannesburg): Abale a kukhitchini, pepala la ophika likuti caperberries koma pashelefu pali ma caper okha. N'chimodzimodzi?

aBanda (Málaga): Ayi achemwali, mtengo ndi umodzi koma zinthu ziwiri. Caper ndi kaduwa kothyoledwa kasanamasule, kofanana ndi nsawawa yaing'ono. Duwalo likasiyidwa limabala chipatso chonga olive, cha kamchira kake, chodzaza tinjere m'kati. Chimenecho ndiye caperberry. Kuno ku Spain amati alcaparrones, ku Italy amati cucunci. Caper ndi wolusa mkamwa, chipatsocho n'chofatsirako.

Nabanda (Manchester): Msuzi wa tartare kapena pasita ya puttanesca zimafuna ma caper. Mukadulira ma berry m'menemo, tinjere timachita khirichi pa mano, mbale imabwerera. Ma berry malo ake ndi pambale ya tchizi ndi nyama zozizira, pambali pa salmon yofukiza, kapena m'tambula ya martini m'malo mwa olive. Kamchirako musadule, odya amagwira pamenepo.

aBanda (Málaga): Ma berry okazinga amakomanso. Adulireni pakati m'litali, muwaumitse ndi pepala la kukhitchini mpaka madzi atheretu. Akalowa m'mafuta ali onyowa amathetheka, mupsa manja. Mafuta afike madigiri 180 a Celsius, mphindi imodzi kapena ziwiri basi. Mu msuzi wa nsomba muwaike kumapeto, moto mutazimitsa, chifukwa akawira nthawi yaitali amafewa n'kutaya kafungo. Mchere muthire mutalawa kaye, iwowo ali ndi wawo kale.

Naphiri (Johannesburg): Zikomo achimwene. Nanga botolo la ma caper lili ndi timadontho toyera pamwamba pake, nditaye?

Nabanda (Manchester): Musataye. Timadontho tolimba tomatirira pa caper ndi rutin, imachokera mumtengomo, siivulaza. Chuku chimakhala chaubweya, choyandama pamadzi, ndipo fungo limasintha. Chimayamba akatulukira kunja kwa madzi ake kapena wina akapisamo zala. Tolani ndi supuni yoyera, madzi awamize onse, botolo lotsegula likhale m'firiji. Ma caper ouma a mumchere, monga a ku chilumba cha Pantelleria ku Italy, atsukeni n'kuwanyika m'madzi ozizira mphindi 15 mpaka 20.

aMwale (Cape Town): Anzathu a ku Cape, kappertjie uja (nasturtium m'Chingerezi) womera m'mbali mwa mipanda, wa maluwa a mtundu wa olenji, njere zake zimalowa m'malo mwa caper. Thyolani zikadali zobiriwira ndi zofewa, cha mu Okutobala ndi Novembala, kutali ndi msewu ndi malo opoperedwa mankhwala. Zofiirira zimalimba ngati mwala. Sungunulani magalamu 50 a mchere mu lita imodzi ya madzi, munyike masiku atatu, madzi amcherewo muzisintha tsiku lililonse. Zimanunkha ngati dzira lovunda, musadabwe, n'zimene mukuchotsazo. Kenako tsukani, ikani m'botolo lagalasi lowiritsidwa, muthire viniga woyera wa 5% ali wotentha mpaka zimire. Viniga muwiritsire m'poto wa chitsulo chosachita dzimbiri, wa aluminiyamu amadetsa ndi kusiya kukoma kwa chitsulo. Dikirani milungu itatu.

aBanda (Málaga): Koma aMwale, pa menyu asalembe caper, alembe dzina lake lenileni. Kappertjie ali ndi kuyabwa kwa mpiru, wodziwa amazindikira pa supuni yoyamba.