Mayi mmodzi, mikaka iwiri: kangaroo imatha bwanji?

Mphukira: Akuluakulu, ndithandizeni. Kangaroo imatha kuyamwitsa ana awiri osiyana misinkhu, bere lililonse n'kumatulutsa mkaka wakewake. Chimasintha mumkakamo n'chiyani kwenikweni? Nanga amalamula ndani, mayi kapena mwana?

Nankhoma_Lab: A Mphukira, tengani chitsanzo cha tammar wallaby, kanyama ka mtundu wa kangaroo ka ku Australia, komwe kafufuzidwa kwambiri. Mwana amabadwa patangotha masiku 26 kapena 27, wosakwana n'theka la galamu lomwe, wopanda ubweya. Amakwawira m'thumba la pamimba pa mayi wake, n'kukakamira nsonga ya bere masiku pafupifupi 100 osaisiya. Mkaka wa nthawiyi ndi wamadzimadzi, wa shuga wambiri, mafuta ochepa, ndipo muli puloteni ya mkaka woyambirira yotchedwa ELP. Kuyambira cha pa tsiku la 100 mpaka 200 mwana amayamwa mopumira. ELP imazimiririka, puloteni ina yotchedwa WAP n'kuchuluka. WAP ili ndi cysteine wambiri (chimodzi mwa zinthu zopangira ubweya), ndipo imafika nyengo imene ubweya ukuyamba kumera. Akapitirira masiku 200 n'kumatuluka kukadya msipu, shuga amatsika, mafuta ndi mapuloteni amakwera, mkaka umalemera ndi mapuloteni a mkaka wakumapeto otchedwa LLP-A ndi LLP-B. Mapuloteni otchedwa casein ndi beta-lactoglobulin sasowa mumkaka nyengo yonse.

Gogo_wa_Zamoyo: Amalamula ndi mayi, ana inu. Ofufuza anatenga ana aang'ono n'kuwaika m'matumba a amayi amene anali patsogolo pa kuyamwitsa. Mkaka sunabwerere m'mbuyo kutsata mwanayo. M'malo mwake mwanayo ndiye anakula ndi kunenepa mofulumira. Chimene chimandikondweretsa ine ndi ichi: mawere awiriwo amalandira magazi amodzi ndi mahomoni amodzi, komabe lililonse limawerenga masiku ake. Ndiye kuti mbali ina ya ulamulirowo ili m'bere mwenimwenimo. Mukasuzumira m'thumba, nsonga ya wamkulu ndi yaitali, yokokeka, pomwe ya khanda ndi kakang'ono.

Mlezi_Adelaide: N'chifukwa chake olera ana amasiye a kangaroo sagwiritsa ntchito mkaka wa ng'ombe. Matumbo awo sagaya bwino lactose (shuga wa mumkaka wa ng'ombe) wochuluka, choncho amatsegula m'mimba, kutha madzi m'thupi, ena mpaka ng'ala m'maso. Mkaka waufa wa ana a kangaroo wa kampani ya Wombaroo uli m'magawo anayi, otsata gawo la nthawi yokhala m'thumba limene mwana watha kale: kuchepera 0.4, 0.4, 0.6 ndi kupitirira 0.7. Yezani phazi ndi mchira kuti mudziwe msinkhu, musadalire sikelo yokha, poti mwana wamasiye amakhala atawonda kale. Posintha gawo, sakanizani wakale ndi watsopano kwa masiku angapo. Wopanda ubweya akhale m'thumba la madigiri 32 Celsius, ndipo wozizidwa ayambe wafunda musanam'patse botolo, apo ayi mkaka umalowa m'mapapo.