Mphepo yasasula madenga ku Area 36: kodi zija timaona ku America zafika kuno?

Mayi wa ku Area 36

Abale, ndithandizeni maganizo. Lachiwiri madzulo kuno kwathu kunawomba mphepo imene sindinaionepo chibadwire. Kunatentha tsiku lonse, kutentha kwa Novembala koti ngakhale pansi pa mtengo wa mango sipakhalika. Cha m'ma 4 koloko kumwamba kunada bii, mphezi ng'ani ng'ani, kenako mphepo. Mmene ndimati ndikaanule zovala pachingwe, denga la aneba linali litanyamuka kale lonse, malata ndi mapaso omwe, n'kukagwera pampanda wa nyumba yachitatu. Kwathu inang'amba malata a kukhitchini, ufa ndi feteleza amene ndinasunga mmenemo zonse zinanyowa. Aneba anathawira kwathu, kamwana kali kumsana kakunjenjemera. Mwayi wake palibe anavulala.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti nyumba za tsidya la msewu sizinakhudzidwe n'komwe. Mwana wanga wa Fomu 3 akuti imeneyi ndi tornado, yonga zija amaonetsa pa TV za ku America. Ine ndinakulira ku Mitundu, kamvuluvulu ndimamudziwa, amatola fumbi ndi mapesi m'munda n'kutha, sanyamula denga. Ndiye ichi chinali chiyani? Kodi ndi kusintha kwa nyengo kumene akunena pawailesiku? Ndikufunsa chifukwa ndikufuna kukhoma denga sabata ino, ndipo ndalama yokhomera kawiri ndilibe.

Mphunzitsi wa ku Likuni

Pepani kwambiri mayi ndi zimene zakuonekeranizo. Mwana wanu sakulakwa kuganiza choncho, koma pali mphepo zitatu zimene timazisokoneza.

Kamvuluvulu amene mukumudziwayo amayambira pansi. Dothi likapsa ndi dzuwa, mpweya wotentha umakwera mozungulira, kumwamba kuli mbee popanda mtambo. Tornado imachokera mumtambo wa mvula ya mabingu, imatsika ikuzungulira mpaka kukhudza pansi. Ku United States zimachitika zopitirira 1,000 pachaka, makamaka cha ku Texas, Oklahoma ndi Kansas, chifukwa mpweya wofunda wachinyezi wochokera ku Gulf of Mexico umakumana ndi wozizira wochokera kumpoto. Ya ku Joplin mu Meyi 2011 inapha anthu opitirira 150. Kum'mwera kwa Africa kuno zimachitikanso mwa apo ndi apo, monga ija ya ku Tongaat, pafupi ndi Durban, mu Juni 2024.

Koma imene imasasula madenga kawirikawiri m'Lilongwe muno ndi yachitatu. Mtambo wa mabingu ukakhwima, mpweya wozizira umagwa kuchokera mmwamba mwamphamvu, ukamenya pansi umathamangira mbali. Umatha kuwononga kadera kakang'ono n'kusiya nyumba za pafupi zili bwinobwino. Kuti mudziwe, pitani mukaone mitengo, mipanda ndi malata. Ngati zonse zagwera mbali imodzi, ndi imeneyi. Ngati zamwazikana uku ndi uku, mitengo ili yopotoka, ndiye kuti mphepoyo imazungulira.

Pa za kusintha kwa nyengo, akatswiri sanagwirizanebe ngati kukuchulukitsa ma tornado. Chimene amagwirizana n'chakuti mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umasunga chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 peresenti, ndiye mvula ikati igwe imagwa yambiri pa nthawi yochepa. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 tonse tinamuona. Anayambira kufupi ndi Australia, anayenda pafupifupi masabata asanu, n'kudzagumula phiri la Soche pamwamba pa anthu a ku Chilobwe.

Mlimi wa ku Mpingu

Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma ine za America sizindidetsa nkhawa. Nkhawa yanga ndi mvula yathu yomweyi. Kale chizimalupsa chikagwa mu Okutobala timadziwa kuti tikonzeke, pofika pakati pa Novembala tabzala. Lero umabzala mu Disembala, chimanga chikafika m'mawondo mvula n'kudula masabata atatu. Mu 2024 chinafotera m'munda ndi ng'amba ya El Niño, mpaka boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake namondwe Ana anali atawononga malo opangira magetsi a pa Kapichira, mdziko muno n'kukhala mdima miyezi yambirimbiri. Chaka china madzi osefukira, china chilala, mlimi angakonzekere chiti?

Ndipo tisamangoloza kunja. Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, tikuimaliza ndi makala. Njinga zimatsika usiku uliwonse zitasenza matumba, ogula ndi ife tomwe. M'mbali mwa Lingadzi anthu alima ndi kumanga mpaka m'madzi, ndiye mu Febuluwale 2017 utasefukira ku Mtandire tinadabwa chiyani? Kunonso kwathu mudzi unali ndi mitengo ya mibawa ndi misangu yotchinga mphepo. Pano ili yetiyeti, mphepo imangofikira pakhoma.

Kalipentala wa ku Kawale

Mayi, dzina la mphepoyo lisakuchedwetseni, tiyeni tikambe za denga. Ndakhala ndikukonza madenga osasuka ku Kawale, Mchesi ndi Kaliyeka, ndipo vuto limakhala limodzimodzi: mapaso anangosanjikidwa pakhoma, mwina n'kutsirapo matope kapena kupanikiza ndi njerwa ziwiri. Mwanena kuti la aneba linanyamuka ndi mapaso omwe. Pamenepo malata sanalakwe, denga silinamangidwe kukhoma.

Musalole mmisiri akhome asanamange mapaso ndi waya wokhuthala wolowa m'khoma, mizere ingapo ya njerwa kutsika pansi. Ngati pali lintala ya simenti yozungulira nyumba, wayayo azengereze pamenepo. Misomali ikhale ya malata yeniyeni, ya zipewa, ndipo m'mphepete ndi m'makona aikhome pafupipafupi, chifukwa mphepo imayambira pamenepo kutukula. Malata opyapyala otchipa aja amang'ambikira pamsomali. Komanso denga lisatulukire kunja kwambiri.

Mayi wa ku Area 36

Zikomo nonse. Aphunzitsi, ndapita kukaona m'mawa uno: mpanda, mtengo wa papaya ndi malata zonse zagwera chakumadzulo, ndiye mwina ndi yachitatu ija. Mtima wakhalako pansi, ngakhale zimene anena bambo a ku Mpingu zandikhudza, pakuti makalawo inenso ndimaphikira tsiku ndi tsiku, magetsi ndi osadalirika. Achimwene a ku Kawale, khitchini yangayo ndi ya zidina, yopanda lintala, ndipo denga lake ndi limodzi ndi la khonde. Wayayo angagwire pa zidina?

Kalipentala wa ku Kawale

Angagwire mayi, koma atsike kwambiri. Pa zidina timaboola khoma chapakati, kulowetsa waya, n'kuika kathabwa kapena kachitsulo kunja kuti wayayo asadule dothi akamakoka. Pamwamba pa khoma pagone thabwa lalitali, mapaso akhomeredwe pa thabwalo, waya amange zonse pamodzi. Khondelo lipatuleni, likhale ndi denga lakelake lotsikirako pang'ono, kuti mphepo ikalowa pansi pake inyamule lokhalo osakoka khitchini. Malata ong'ambikawo musataye, odulidwa bwino akwana pakhonde. Anebawo auzeninso akalembetse kwa amfumu kapena kwa a komiti yoona za ngozi m'dera lanu, chifukwa malipoti opita ku khonsolo ndi ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amayambira kumeneko. Ajambuliretu nyumbayo pafoni asanayambe kuchotsa zogumukazo.