Kudya mpikisano wa Comrades usanayambe: kodi kumateteza minofu ndi mtima?

Liwiro_Joni:
Akuluakulu, ndithandizeni. Munthu wolemera makilogalamu 60 amene akukonzekera Comrades, mpikisano wothamanga mtunda wautali wa ku South Africa, ulendo wotsika wa Pietermaritzburg kupita ku Durban, adye chiyani masiku omaliza? Ena akuti ukadya bwino ntchafu sizipweteka ndipo mtima suvutika. Nzoona?

Kochi_waMsewu:
Achimwene, ntchito ya chakudya ndi kudzaza nkhokwe ya mphamvu, glycogen, m'minofu ndi m'chiwindi. Pa maola 36 mpaka 48 omaliza, chepetsani kuthamanga ndipo muzidya magalamu 10 mpaka 12 a carbohydrate (sitachi ndi shuga zopatsa mphamvu) pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Kwa munthu wanuyo ndi magalamu 600 mpaka 720. Ufa woyera wosaphika magalamu 100 umapereka pafupifupi 75, nthochi imodzi 25, kagawo ka buledi 15. Ndi nsima yokha mukhuta musanafikepo, choncho gawani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, zina muchite kumwa: phala la shuga, juwisi. Mgaiwa, nyemba, kabichi ndi zokazinga zidikire, chifukwa zimachedwa m'mimba n'kukatsegula m'mimba panjira. Sikelo ikakwera ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri musadandaule. Galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa pamodzi ndi madzi pafupifupi magalamu atatu.

M'mawa wa mpikisano idyani kutatsala maola atatu, popeza usiku chiwindi chimakhala chitagwiritsa ntchito gawo la nkhokwe yake. Phala la ufa magalamu 60, shuga masipuni aakulu awiri ndi nthochi ziwiri zikupatsani pafupifupi magalamu 120. Chimene simunadyepo pokonzekera musachiyambe tsikulo.

Fizio_Blantyre:
A Kochi anena zoona, koma apa m'pamene ambiri amanamizika. Chakudya sichiletsa minofu kung'ambika. Potsika Fields Hill, chitunda cha panjira ya Comrades, minofu yakutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki uku ikutambasuka, ndipo timinyewa take timang'ambika pang'onopang'ono. N'chifukwa chake creatine kinase, puloteni yotuluka m'minofu yovulala, imakwera m'magazi ndipo ululu umafika pachimake pakadutsa tsiku limodzi mpaka atatu. Chomwe chimateteza ndi kuzolowetsa miyendo kuthamanga motsetsereka kudakali milungu ingapo.

Chakudya chimalowa apa: glycogen ikatha, kapondedwe kamasokonekera, phazi limangomenya pansi, ndipo minofu yotopa imavulala kwambiri. Ndiye mukayamba kuthamanga pitirizani kudya magalamu 60 a carbohydrate kapena kuposerapo pa ola.

Chonde, musamwe ibuprofen kapena diclofenac musananyamuke pofuna kupewa ululu. Minofu ikawonongeka kwambiri imatulutsa puloteni yotchedwa myoglobin, imene imalemetsa impso, ndipo mankhwalawa amachepetsanso magazi opita ku impsozo. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, kapena ukasiya kutuluka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Nesi_waMtima:
Pa mtima, nkhani yaikulu ndi madzi. Thukuta likachepetsa madzi a m'magazi, mtima umapopa magazi ochepa pa kugunda kulikonse, ndiye umagunda mofulumira ngakhale liwiro lanu lisanasinthe. Imwani mamililita 5 mpaka 10 pa kilogalamu kutatsala maola awiri mpaka anayi, kutanthauza 300 mpaka 600. Osapitirira. Kumwa madzi mopyola muyeso kumatsitsa mchere wa sodium m'magazi pansi pa 135 mmol/L, vuto limene wasayansi Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake adalifotokoza mu 1985. Zizindikiro zake ndi mutu, kusanza ndi kusokonezeka maganizo, ndipo limapha. Chakudya cha dzulo lake chikhale ndi mchere wokwanira.

Troponin, puloteni wa m'minofu ya mtima, amakwera m'magazi mwa othamanga ambiri akamaliza mtunda wautali, n'kutsika pasanathe masiku atatu. Zimenezi zimatsatira kwambiri kutalika ndi kulimba kwa liwiro, ndiye musayembekeze kuti mbale ya pasta izichotsa. Khofi amathandiza, koma mamiligalamu atatu a caffeine pa kilogalamu akukwana. Kuphatikizapo zakumwa zopatsa mphamvu kumabweretsa kuthamanga kwa mtima ndi kunjenjemera.

Liwiro_Joni:
Zikomo kwambiri. Nanga munthu akadwala chimfine sabata yomweyo, koma akudya bwino?

Nesi_waMtima:
Ngati thupi latentha, kapena pachifuwa pakuwawa, kapena ndi malungo, asathamange, achimwene. Mavairasi ena amatupitsa minofu ya mtima, ndipo kuuthamangitsa maola khumi uli wotupa kungasokoneze kagundidwe kake mwadzidzidzi. Aonane ndi dokotala kaye.