Thandizeni kusankha ampulifaya ya ma valve

Moni nonse pagulu pano. Ndili ku Kasungu, ndipo ndasowa pogwira. Masipika anga ndi Wharfedale Diamond 9.1, a 6 ohms (muyeso wa mmene amakanizira magetsi), 86 dB (muyeso wa kukwera kwa mawu pa wati imodzi). Ndinabwereka ampulifaya ya ma valve (machubu agalasi okulitsa mawu) a mtundu wa 300B, ya mawati 8. Mawu a woimba ankamveka bwino zedi, koma ndikangokweza pang'ono, besi inkasweka. Amisiri a wailesi pano pa boma anazolowera za matransista, ku Lilongwenso sindinapeze ya ma valve yoyesera.

Achimwene ku Johannesburg apeza ampulifaya ya ma valve a EL34, mawati 35 mbali iliyonse. Kodi ikwanira pabalaza laling'ono? Kumbuyo kwake kuli polumikizira masipika pa 4 ohms ndi pa 8 ohms basi, ndiye ndilumikize pati? Nanga magetsi akayaka mwamphamvu atazima, ma valve sangapse? Amene munagwiritsapo ntchito, chonde ndilangizeni ndisanatumize ndalama.